Tafika Pati, Nachisale?

Sendezani chitsa icho, moto ukutha. Ayi, osati chachiwisicho, chitifukiza utsi m'maso anthu n'kumati amuna a pano amadziwa kulira. Bambo inu a chipewa, mwandifunsa kangapo kuti bwanji munthu wojambula maliro onse a ku Balaka kuno wabwera pa maliro ano manja lendelende, wopanda kamera. Ndimati ndingokhala chete. Koma usiku wa pa siwa ndi wautali, ndipo pali ntchito imene ndikufuna mundithandize, ndiye mverani.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Lameki. Situdiyo yanga ili kuseri kwa depoti, kachipinda kamene kanalekana ndi malo ometera a Jailosi ndi thabwa limodzi lokha. Iwo akayetsemula ine ndimapukuta kompyuta. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, koma chimene chimandidyetsa ndi maliro ndi ziliza. Ntchito imeneyi imaumitsa mtima pang'onopang'ono, iwe osadziwa. Kulira kumene inu mumamva n'kugwidwa nako chisoni, ine ndimakuona pa kompyuta ngati timizere tobiriwira tokwera ndi kutsika, ndipo kukakwera kwambiri ndimakutsitsa kuti sipika isang'aluke. Amayi anga ondibala atamwalira, ndinadzipeza ku manda ndikudandaula mumtima kuti kwaya yaima poipa, nkhope sizituluka bwino. Sindikudzitama nazo. Ndikungofuna mudziwe kuti ine si munthu wothamangira kuona mizukwa.

Mayi agona m'nyumbamo, a Nachisale, anabwera ku situdiyo kwanga chaka chatha m'nyengo yotentha, masana dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi mwana wawo Zione, mtsikana wakhala kumutu kwa bokosi uja. Amuna awo, a Tobiyasi Kalombola, anali atamwalirira ku Joni, kumene ankagwira ntchito yomanga. Ine sindinajambule maliro amenewo, ndiye mayiwa sindinkawadziwa. Anakhala pa mpando wa alendo, natulutsa foni imene anaikulunga pa nsonga ya chitenje.

"Achimwene, akuti inu mumatha kutulutsa mawu mu foni."

"Zimatengera mawu ake, mayi."

"Bambo a Zione ananditumizira kakanema atatsala pang'ono kutisiya. Chithunzi chimaoneka, pakamwa pamayenda, koma mawu zii. Ndinapita nako kwa anyamata okonza mafoni, akuti foni yanga siidziwa mtundu wake. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza. Ndikufuna mukaike mu kanema wa tsikulo kuti anthu akamve mawu awo."

Ndinati zimenezo n'zotheka. Iwo sanadzuke. Anauza Zione kuti akadikire panja, kenako anapitiriza ndi mawu omwe aja, osakwera osatsika, ngati akuwerenga chikwangwani cha pamsewu.

"Ine sindinalire, achimwene. Anthu amandinena, ndimawamva. Maliro onse maso anga anali gwa. Bokosi linabwera lokhomerera, akuti silitsegulidwa, ndiye nkhope sindinaione. Ine ndinakwirira matabwa. Mwina ndikamva mawu awo misozi ibwera, ndiwasiye apite."

Anandisiyira kakanemako pa fulashi, pamodzi ndi chithunzi cha amuna awo choti ndiike pachikuto, n'kumapita.

Tsono vuto lawolo silinali lachilendo, ndimakumana nalo sabata ndi sabata. Fayilo ya kanema ili ngati thumba. M'kati muli chithunzi, muli mawu, chilichonse chomangidwa mfundo yakeyake. Pulogalamu imene ndimalumikizira makanema imadziwa kumasula mfundo zina, zina ayi. Ikapeza mawu omangidwa mwachilendo, imangoonetsa chithunzi, mzere wa mawu n'kukhala wopanda kanthu. Mankhwala ake ndi apafupi. Umasolola mawuwo paokha, n'kuwakonveta akhale WAV, mtundu umene pulogalamu iliyonse imaumva, kenako n'kuwabwezera pansi pa chithunzi ndi kuwasendeza mpaka agwirizane ndi milomo. Ndi ntchito yoti tiyi asanazizire wamaliza.

Ndinachita zomwezo, mawu n'kutuluka. A Tobiyasi anakhala pa bedi m'kachipinda ka malata, atavala jekete yakuda yaitali, kumbuyo kwawo kuli chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija anthu a ku Joni amabwera nacho. Zimene ankanena n'za tsiku ndi tsiku. Akuti kuno kukuzizira koopsa. Akuti Zione alimbikire sukulu. Akuti mbuzi yamawanga ija musagulitse, ndibwera pa Khirisimasi. Anaseka pang'ono, natambasula dzanja kuti azimitse foni, chithunzi n'kutha.

Koma mzere wa mawu sunathere pamenepo. Unapitirira chithunzi pang'ono, ngati chala chimodzi pa sikirini.

Ndinavala mahedifoni kuti ndimve chotsaliracho. Munalibe munthu wolankhula. Munali kulira kwa matayala pa tala, kogonthera ngati ukukumvera pansi pa bulangete, ndi kanthu kena kogunda pa thabwa, gu, gu, gu, monga umachitira katundu amene sanamangidwe bwino. Ndinaganiza kuti ndasokoneza liwiro la mawu, pakuti ukakonveta molakwika mawu amatha kutamuka n'kutalika kuposa chithunzi. Koma zikatero milomo imasemphana ndi mawu, ndipo apa milomo inkagwirizana ndendende. Ndinadula kamchirako, n'kulamula kompyuta kuti itulutse kanema womaliza. Inatulutsa, koma nditamutsegula, a Tobiyasi anali akutafunanso mphepo, mawu zii.

Mmisiri akakanidwa ndi chida chake amachita makani, ndipo ine makani ndili nawo. M'mawa mwake ndinayambiranso ku fulashi ija, ndinakonveta kukhala MP3. Mawu anabwera, mchira unabweranso, koma tsopano wotalika ngati chikhatho. Pambuyo pa matayala aja munali galimoto itaima, injini ikungolira. Anthu ankalankhula panja Chishona, wina akudinda mapepala. Chitseko chinatsekedwa, matayala n'kuyambanso. Kenako, pafupi kwambiri ndi khutu langa, pafupi kuposa mmene munthu amakhalira ndi foni, mawu a Tobiyasi anafunsa.

"Nachisale, tafika pati?"

Sanali mawu a munthu wamantha kapena womva ululu. Anali mawu a munthu amene wadzidzimuka kutulo m'basi, akufunsa mnzake wa pawindo.

Mukufuna ndinene kuti ndinathawa? Sindinathawe. Ndinavula mahedifoni, ndinatuluka, ndinagula chinangwa chootcha pa depoti n'kudya chonse. Mumtima munali zii. Chimene ndinaganiza n'chakuti mawuwo anajambulika bwino, opanda mphepo, abwino kuposa a mu kanemamo. Nditabwerera ndinamva kafungo m'chipinda, ka dizilo kosakanikirana ndi mankhwala a ku mochale. Ndinatsegula windo n'kupitiriza kulumikiza ukwati wa anthu ena.

Masiku otsatira ndinayesa mitundu yonse imene ndimaidziwa. Ndinayesa AAC, ndinabwerera ku WAV, ndinasintha ngakhale thumba lenilenilo kuti kanema akhale wa mtundu wina. Nthawi iliyonse kanema womaliza ankatuluka wosalankhula, ndipo nthawi iliyonse mchira unkatalika. Tsiku lina munamveka galimoto ikuyenda pa mlatho wautali, phokoso lake la phanga, ndi msilikali akukalipa m'Chipwitikizi. Funso lija linkabwera mwa apo ndi apo, lomwelo, mosakwiya. Palibe ankayankha.

Zinthu zing'onozing'ono zinayambanso kusokonekera. Chithunzi chimene mayi anasiya ndinachiika m'dirowa, koma m'mawa ndinkachipeza pa mpando wa alendo. Mpandowo ndimausiya utatsamira khoma, koma ndinkaupeza utayang'ana ku kompyuta. Makiyi a chipindacho ali ndi ine ndekha. Ndinkangoubweza pamalo pake, monga umabwezera nkhuku yolowa m'nyumba, osafunsa chimene ikufuna.

Amene anandidzidzimutsa ndi a Jailosi. Iwo ndi munthu wamkulu, anametapo mitu ya anthu amene pano adzukulu awo akumeta ndevu. Tsiku lina masana analibe kasitomala, anagogoda pa thabwa lija.

"Iwe Lameki, galimoto ikulira kwakoyo sifika? Sabata yonse ndikungomva matayala."

Ine ndinkamvera pa mahedifoni nthawi zonse, sipika zinali zozimitsa. Ndinawaitana, ndinawafotokozera zonse, n'kuwaveka mahedifoni. Tsiku limenelo mchira unali utafika pamene amayi akufuula m'Chichewa chathu, "Manachesi apa! Manachesi okoma apa!" A Jailosi anamvetsera mpaka funso lija litabwera. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono, nawaika pa tebulo ngati akuika dzira.

"Apa ndi pa Mwanza," anatero. "Walowa m'dziko. Mtembo wa munthuyu unabwera ndi ndani?"

Ndinawauza zimene ndinamva kwa mayi, kuti unabwera m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi mafiriji ndi matiresi a anthu ena. Oyendetsa anali anyamata aganyu osamudziwa. Wachibale panalibe, pakuti panalibe amene anali ndi pasipoti.

"Ndiye palibe anamuuza njira," anatero a Jailosi. "Iwe wajambula maliro ochuluka chonchi osadziwa zimenezi? Munthu akafera kutali, pomunyamula pamakhala wachibale woti azimulankhula. Apa tawoloka mtsinje. Apa talowa dziko lina. Apa tafika, gonani. Wakufa saona, mwana wanga, koma amamva. Uyu thupi lake linafika, mwini wake akadali pamsewu. Ndipo iwe ukamakonveta zakozo, ukumuyendetsa."

"Ndiye ndisiye?"

"Munthu wamufikitsa pa Mwanza, umusiya pamsewu? Mufikitse. Koma asanafike, itana mwini mbumba wa kwawo, adzamuuze kuti bambo, ulendo watha, malo anu ndi ku manda. Ndipo mkazi wake asamve zimenezi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mkazi sangauze mwamuna wake kuti pitani ku manda. Pakamwa pake sipangalole."

Mwini mbumbayo ndinu, bambo a chipewa. Ndinu malume awo a Tobiyasi. Musayang'ane kumoto, yang'anani kuno. Uthenga ndinakutumizirani, ndipo foni ndinakuimbirani ndekha. Munati zimenezo n'zachikunja, munati anyamata a makompyuta timasuta. Pomaliza munati mubwera Loweruka mukapeza mpata. Sindikukuimbani mlandu pa maliro, ndikungokumbutsa kuti nkhaniyi si yachilendo kwa inu.

Podikira Loweruka lanulo ndinakonvetanso, pakuti tsiku la chiliza linkayandikira ndipo kanema anali asanalankhule. Munamveka pa Zalewa, apolisi akuimitsa galimoto. Munamveka msewu wautali wa ku Phalula, wopanda anthu. Madzulo ake ndinakwera kabaza popita kunyumba, ndipo mnyamata wopalasayo, osafunsidwa, anayamba kundiuza kuti anzake a pa Chingeni akudabwa ndi bambo wina. Akuti amaima pamphambano ndi chikwama chachikulu, atavala jekete yaitali kutentha konseku, ndipo akamuyandikira kuti amunyamule amapeza palibe munthu. Ine ndinati mwina ndi wamisala. Mnyamatayo anati mwina, n'kupalasa mwamphamvu.

Loweruka linafika, inu osafika. M'mawa mwake ndinapeza mahedifoni anga palibe. Ndinafuna m'dirowa, pansi pa tebulo, m'chikwama cha kamera, ngakhale kwa a Jailosi. Iwo anali chiimire pagalasi lawo, makina ometera ali m'manja, kasitomala palibe.

"Wadutsa wina kumbuyo kwanga," anatero osatembenuka. "Ndamuona pagalasi. Walowera kwako."

"Ndani?"

"Sindinaone nkhope. Ndaona jekete."

M'chipinda mwanga munalibe munthu, koma fungo lija linali lamphamvu moti ndinasiya chitseko chotsegula. Ndinakonveta komaliza. Mchira unatalika mpaka kutuluka pa sikirini. Poti mahedifoni panalibe, ndinayatsa sipika, motsitsa kwambiri, kuti ndingomva ngati milomo ikugwirizana. A Tobiyasi anali pakati ponena za mbuzi yamawanga pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali a Nachisale, Zione ali kumbuyo kwawo. Sindinawaitane. Anati anabwera kumsika, mapazi n'kungowabweretsa.

Anakhala pa mpando wa alendo, umene unali utayang'ana kale ku kompyuta. Ndinabwezera kanema poyambira, pakuti chimenecho ndicho anabwerera, ndipo ndinati chithunzi chikangotha ndiimitsa. Anamvetsera za kuzizira, za sukulu, za mbuzi. Zione analira mwakachetechete, kupukuta mphuno ndi dzanja. Mayi ake maso anali gwa ngati kale. Chithunzi chitatha ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse, koma iwo anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira, ndipo linali ndi mphamvu ya munthu wolima.

"Asiyeni amalize."

Matayala anayamba kulira. Ulendo wonse unali mmenemo, kuyambira poyamba. Funso litabwera, mayi sanadzidzimuke. Anangosendera kutsogolo pang'ono, monga amachitira munthu akamamvetsera foni yochokera kutali.

"Nachisale, tafika pati?"

"Apo ndi pa malire a Zimbabwe, bambo a Zione. Paja munkati mumaima tsiku lonse."

Mayi amenewa sanatulukepo m'dziko muno. Maina onsewo ankawadziwa chifukwa amuna awo akamabwera pa basi ankawaimbira foni pa malo alionse. Tsopano anawabwezera amuna awo mainawo limodzilimodzi, ndi mawu awo aja osakwera osatsika. Apo ndi pa Nyamapanda. Apo ndi pa mlatho wa Tete, mukuwoloka Zambezi. Apo ndi pa Mwanza, mwalowa kwanu. Ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo masiku onse aja. Akayankha, galimoto ya mu sipika sinkachedwanso, inkalumphira pa malo otsatira.

A Jailosi anamva kudzera pa thabwa, anabwera n'kuima pakhomo. Sanalowe. Ine dzanja langa linali lomasuka tsopano, ndipo batani loimitsira linali pafupi, koma ndinaliyang'ana ngati la munthu wina. Sindinali ndi mantha. Ndinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

"Apo ndi pa Zalewa. Apo ndi pa Phalula. Apo ndi pa Chingeni, mukhotere kumanja."

Kenako mu sipika munamveka hutala ya sitima, ija tonse timaidziwa. Munamveka mabelu a akabaza pa depoti. Munamveka makina ometera a Jailosi, pamene mwini wake anali chiimire pakhomo manja ali m'thumba. Munamveka chitseko changa chikulira monga chimalirira, ngakhale chinali chotsegula, osagwedezeka. Kenako kunati zii.

"Nachisale, tafika pati?"

Ine ndinali ndikuyang'ana timizere tobiriwira tija, pakuti maso anga anazolowera kukhala pamenepo. Timizereto sitinagwedezeke. Mawuwo sanachokere mu sipika. Anachokera pakati pa mpando wa mayi ndi khoma, pamalo oti munthu akhoza kuimapo atanyamula chikwama. Sindinatembenuke. Zione anagwira malaya anga kumbuyo.

"Mayi," a Jailosi ananong'ona ali pakhomo, "auzeni apite ku manda. Nenani kuti ulendo watha, malo anu ndi ku manda. Ku manda, mayi."

A Nachisale anatsegula pakamwa. Ndinaona milomo yawo ikuyesa. Ndikulumbira pa moto uno, anayesa. Kenako nkhope yawo inamasuka, inakhala ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni pakhomo.

"Mwafika, bambo a Zione. Mwatopa. Tiyeni kunyumba."

A Jailosi anagwira kumutu n'kubwerera kwawo. Ine ndinayang'ana pa sikirini. Mchira panalibe. Mzere wa mawu unathera pamene chithunzi chinathera, ndendende, ngati wodulidwa ndi lumo. Ndinalamula kompyuta kuti itulutse kanema, ndipo anatuluka wolankhula bwinobwino ulendo woyamba womwewo. Fungo lija linali litatha.

Mayi analandira fulashi yawo, nathokoza mwaulemu. Potuluka anaima pambali pa chitseko kanthawi, monga amachitira mkazi popatsa njira mwamuna wake. Panja anaitana akabaza atatu. Iwo anakwera mmodzi, Zione wina. Wachitatuyo anafunsa kuti nanga wokwera ali kuti, mayi anati ingotitsatirani. Mnyamatayo anaseka, anzake a pa depoti anaseka naye. Koma atangoyamba kupalasa kuseka kunatha. Msewu umenewo ndi wosalala, mukuudziwa, ulibe chitunda. Iye anachita kuimirira pa mapedulo, thukuta kamukamu, tayala lakumbuyo litaphwatalala pansi. Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Kenako ndinalowa n'kumaliza ukwati wa anthu aja.

Chiliza tinavundukula, ambiri a inu munalipo. Kanema anaonetsedwa, mawu a malemu anamveka, anthu analira, ena anandiyamikira kuti ndine katswiri. A Nachisale sanalire. Pojambula ndinaona kuti paliponse pamene aima, akusiya mpata kudzanja lawo lamanja, ndipo wina akafuna kuimapo akumusendeza mwaulemu. Mwala umenewo tinauvundukula pa manda opanda mwini.

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine, ndinu apafupi. Ndinkawaona kumsika mwa apo ndi apo, akuonda koma nkhope ili yowala, akuyankhula motsitsa poyenda. Anasiya kupita ku kwaya. Mbuzi yamawanga ija anakana kuigulitsa ngakhale pa njala. Zione anandipeza tsiku lina pa depoti, anati kunyumba amayi amatenga madzi osamba kawiri, ndipo iye amagona atatseka makutu ndi pilo. Ndinamufunsa ngati amamva mawu a bambo ake. Anati ayi, amangomva amayi akuyankha. Mayiwo a chipatala anawayeza zonse osapeza kanthu. Dzana m'mawa mwanayo anawapeza atagona pa bedi, atavala chitenje chatsopano ndi nsapato, ngati munthu wodikira basi.

Ndinamva uthengawo, ndinati pepani, ndipo mumtima munali zii monga mwa masiku onse. Lero masana a komiti ya maliro anandituma kuti ndipeze chithunzi chabwino cha mayi choika pa pulogalamu ya mwambo. Ndinatsegula ntchito ya chiliza ija, imene sindinaikhudze chaka chonse. Mahedifoni anga otayika aja anali pa mpando wa alendo, chingwe chake chitakulungidwa bwinobwino. Pa sikirini, mzere wa mawu unali utapitirira chithunzi ngati chala chimodzi.

Ndinavala mahedifoni. Munali galimoto, koma osati ya ku Joni. Inali lole imene yanyamula mayi lero kuchokera ku mochale, ndinaizindikira ndi kukhosomola kwake posintha magiya. Amayi a mvano ankaimba kumbuyo, nyimbo yomwe akuimba m'nyumbamo panopa. Ena a inu munali m'lolemo. Ndikufunseni, ndani mwa inu anawauza njira? Ndani anawerama pa bokosi n'kunena kuti mayi, tatuluka pa chipatala, mayi, tawoloka njanji? Palibe. Munati ndi pafupi.

Nyimbo ili m'kati, mawu a Nachisale anabwera pafupi ndi khutu langa, osakwera osatsika.

"Zione, tafika pati?"

Abale anga, ine amene ndinaika amayi anga m'manda ndikuganiza za kuwala kwa dzuwa, ndinavula mahedifoni mwaphuma mpaka anagwa pansi. Ndinachita mantha, ndipo ndinamva chisoni, zonse pamodzi, ngati magazi akubwerera m'mwendo wadzanzi. Zimapweteka. Ndinazimitsa kompyuta, ndinazula chingwe kukhoma, kamera ndinaisiya pomwepo. Sindikonvetanso kanthu.

Ndiye ntchito ndi iyi. Mawa ine ndiyenda kumutu kwa bokosi kuchokera pakhomo pano, ndipo ndiziwauza njira mokweza, onse awiri, mayi ndi amuna awo, pakuti akuyenda limodzi. Apa tatuluka pa mpanda. Apa tadutsa pa mjigo. Apa ndi pa manda, ulendo watha, gonani. Abusa akakwiya akwiye, amene akufuna kuseka aseke. Koma mawa ndi kutali, ndipo mayiwo akufunsa usiku uno. Mwana sangauze mayi ake kuti pitani ku manda. Pakamwa pake sipangalole.

Inu bambo a chipewa, Loweruka lija simunabwere. Lero mulipo. Ntchito yanu ndi imodzi yokha, kukhala pafupi ndi mwanayo mpaka dothi litatsekedwa, ndipo akangotsegula pakamwa popanda womulankhula, mumutseke ndi dzanja lanu.

Taonani, ndi uyo watuluka. Waima pakhonde yekha, wapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Dzukani, bambo, fulumirani. Moto ndisonkhezera ine.